Mndandanda wa Makompyuta ndi Maliro a Mayi a Felisita

Nkhani yanga yakambidwa mokwanira ku Mauwa, ndipo yakambidwa molakwika. Popeza oikambawo saleka, ndaona kuti ndi bwino ndiilembe ndekha, kuti wofuna kundiweruza andiweruze pa mlandu weniweni, osati wongopeka.

Choyamba, sindidapite ku Joni. Ndidapita ku Durban. Joni ndi mzinda umodzi wokha, umene ndidangodutsamo pa basi, koma kwathu kuno aliyense wowoloka Limpopo amati ali ku Joni. Chachiwiri, sindidali mlonda wa pachipata monga ena amanenera. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimandipweteka, kudalibe mkazi wina. Alamu anga a Dominiko akhala akunena pamowa ndi pamaliro kuti chimene chidandilepheretsa kudzaona mlongo wawo, mkazi wanga Agnesi, asanatsirizike, chidali Mzulu wina wondiphikira. Akadakhalapo mkazi ameneyo, bwenzi nkhani ili yosavuta: ndikadakaulula kwa ansembe n'kulandira chilango changa. Chimene chidandilepheretsa n'chaching'ono kuposa pamenepo, ndipo mpaka lero sindidziwa dzina limene ndingachitchule nalo m'kanyumba ka kulapa.

Ine ndine Venansio Makwinja. Ndidagwira ntchito yokoka ndi kulumikiza mawaya a telefoni kwa zaka makumi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo ndidapuma patangopita zaka ziwiri chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, nthawi imene kwacha inkasungunuka m'thumba ngati mchere wa m'dzinja. Ndidabwerera ku Mauwa, kumudzi kwa mkazi wanga, kumene ndidalowa chikamwini ndili mnyamata. Nyumba yathu idali ya njerwa zosawotcha, yofolera udzu, ndipo tsiku lina la mwezi wa Febuluwale, titasuntha mphasa katatu pothawa madontho, ndidauza Agnesi kuti ndipita kukasaka malata.

"Pa msinkhu wanuwu, abambo a Felisita?" adandifunsa. "Anzanu akubwerako, inu ndiye mukupita?"

"Zaka ziwiri zokha," ndidatero.

"Makolo anu pochoka ku Mozambiki nawonso ankati akubweranso."

Adaseka, koma sadandiletse. Adandikazingira nandolo ndi mtedza, nandiperekeza mpaka pamsewu. Felisita, mwana wathu mmodzi yekhayo amene adakula, ndiye adasenza chikwama. Ndidali ndi zaka makumi asanu kudza zisanu ndi chimodzi.

Ntchito ndidaipeza pa nyumba zogona ophunzira a yunivesite ina. Zidali nyumba zitatu zosanja, zimene ndizitcha yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Ofesi idali m'nyumba yoyamba, ndipo ine adandipatsa kachipinda kapansi m'nyumba yachitatu, momwe mudali mogona ndi mogwirira ntchito momwemo. Poyamba ndinkakonza maswitchi, maloko ndi mipope. Patapita zaka ziwiri kudabwera anthu odzakoka mawaya a makompyuta m'zipinda zonse, ndipo ataona momwe ndinkamangira nsonga za waya, adandisiyira ntchito yambiri. Atachoka, woyang'anira nyumbazo, bwana Naidu, adandipatsa mabuku awiri onenepa amene anthuwo adasiya. Ndidawawerenga onse, dikishonale ili pambali, ndipo kuyambira pamenepo netiweki ya pamalopo, ndiko kuti mawaya ndi mabokosi ochititsa kuti makompyuta alankhulane, idakhala m'manja mwanga.

Palibe amene ankanditchula dzina langa. Ophunzira, okolopa ndi bwana yemwe ankangoti Madala. Sindidadandaule, koma pa Sabata, ndikabwera ku Misa ya Chizulu imene ndinkangomvako Amen, ndinkatseka chitseko n'kumadzilankhula ndekha m'Chinyanja, ziganizo zathunthu, kuopa kuti lilime lingachite dzimbiri. Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa madalaivala a basi, ndipo malata adagulidwa pang'onopang'ono, kenaka njerwa zowotcha, kenaka zitseko. Kumudzi sindidapiteko ngakhale kamodzi pa zaka zinayi, chifukwa mapepala anga sadali olongosoka kwenikweni, ndipo ndinkaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso.

Agnesi ankandilembera kalata mwezi uliwonse, ndi pensulo, mopanda mpumiro ngakhale umodzi. Ndiulule pano chinthu chimene sindidauzepo munthu: ndinkatenga cholembera chofiira n'kumaika mipumiro ndi zilembo zazikulu m'makalata mwakemo. Sindinkamubwezera ayi, ndinkangowasunga ali okonzedwa. Ndili nawo mpaka lero. M'kalata ina adalemba kuti: "nyumba yatha mvula ikamagwa pamalata phokoso lake ndimasowa omuuza". Ine ndidakonza "omuuza" kukhala "womuuza", n'kuipinda kalatayo. Zaka ziwiri zija zidali zitadutsa kale.

Tsopano ndifotokoze za lamulo langa, chifukwa popanda ilo nkhaniyi simveka. Telefoni ya pamalopo idali imodzi, ya mu ofesi. Munthu akaimba kufuna wantchito, mlembi ankalemba uthengawo pa kapepala kalikonse, ndipo timapepalato tinkasochera pansi pa makapu a tiyi. Zimenezi zinkandinyansa. Ndidapempha bwana kuti tikhazikitse dongosolo: uthenga uliwonse uzilembedwa pa kompyuta ya mu ofesi, m'foda imodzi yotchedwa Mauthenga, ndi tsiku ndi ola lake, kuti wantchito aliyense aziutsegula pa kompyuta ya m'nyumba imene ali. Bwana adavomera. Ndidalemba lamulolo ndekha, ndidalisindikiza, ndipo ndidalimata pakhoma pamwamba pa telefoni. Mzere wake womaliza unkati mauthenga asalembedwenso pa timapepala. Ndidanyadira kwambiri mzere umenewo.

M'chaka changa chachinayi ophunzira okhala ndi makompyuta adachuluka, ndipo netiweki idayamba kulemedwa. Pa tchuthi kudabwera akatswiri ochokera ku likulu la yunivesite, amene adaidula patatu, nyumba iliyonse chigawo chake ndi manambala akeake, naika pakati bokosi lotchedwa rauta, lolondolera zochokera m'chigawo china kupita m'china. Adagwira ntchitoyo masiku awiri, nachoka osandiuza kanthu.

Ophunzira atabwerera, phokoso lidabuka. Kale munthu akatsegula mndandanda wa makompyuta oyandikana nawo pa sikirini, ankaona mayina a makompyuta onse a nyumba zitatu, n'kusankha limene akufuna kuti atengeko manotsi, mayeso akale kapena nyimbo. Tsopano aliyense ankaona a m'nyumba mwake okha. A nyumba yachitatu sankaona ofesi, ngakhale pulinta yake. Lolemba m'mawa bwana Naidu adandiitana, ndipo adalankhula pamaso pa ophunzira asanu ndi mlembi watsopano, amene adangobwera kudzagwirizira malo a mnzake wopita kukachira.

"Madala, izi si mitengo ya telefoni," adatero m'Chingerezi. "Ngati zakukulirani, nenani. Ndiitane wachinyamata wa kukampani azidzabwera kawiri pa sabata, inu mubwerere ku mipope yanu."

Ophunzira aja adaseka. Ine ndidavula chipewa, ndidaimirira mowongoka, ndipo ndidayankha m'Chingerezi chabwino kuposa chake.

"Bwana, sindidzapondanso mu ofesi muno kufikira tsiku limene mayina onse a nyumba zitatu adzaonekere pa sikirini imodzi."

Palibe amene adandipempha lumbiro limenelo. Ndidalipereka ndekha, ndipo ndidalisunga bwino lomwe, monga momwe ndakhala ndikusungira mawu anga onse kupatula amene ndidapatsa Agnesi.

Masiku awiri oyamba ndidayesa mawaya, ndipo onse adali bwino. Kenaka ndidachita chimene ine ndinkachitcha kugogoda: kompyuta iliyonse ili ndi nambala yake ya zigawo zinayi, ndipo pali lamulo limene umalemba kuti kompyuta yako ikagogode pa nambala ya inzake, ione ngati kubwere yankho. Ndidagogoda kuchokera m'chipinda changa pa nambala ya kompyuta ya mu ofesi. Idayankha nthawi yomweyo, kanayi konse. Wowerenga asaiwale mfundo iyi. Lachitatu la sabata yoyamba ndidadziwa ndithu kuti njira yopita ku ofesi idali yotsegula. Chosowa chidali mayina pa mndandanda basi. Ndidalemba zimenezi m'kabuku kanga, n'kupitiriza.

Mabuku aja adandifotokozera chifukwa chake. Kompyuta ikayatsidwa imalengeza dzina lake mofuula kwa onse oizungulira, ndipo imabwereza kulengezako pakapita kanthawi. Ikaleka kulengeza kangapo, dzina lake limafufutidwa pa mndandanda. Koma rauta sidutsitsa mawu ofuulira gulu, imadutsitsa okhawo olembedwa nambala ya kopita. Choncho kufuula kwa m'nyumba yoyamba kunkathera m'nyumba yoyamba momwemo. Mankhwala ake, mabuku adatero, ndi kukhazikitsa kompyuta imodzi yosunga kaundula wa mayina onse, n'kuuza kompyuta iliyonse nambala ya kaundulayo, kuti izikalembetsa dzina lake kumeneko mwachindunji.

Ndidatulutsa kompyuta yakale m'sitolo, ndidaipukuta fumbi, ndipo ndidaisandutsa kaundula. Kenaka ndidayenda chipinda ndi chipinda, nyumba zonse zitatu, kulemba nambala yake m'kompyuta iliyonse. Ena sankatsegula chitseko, ena ndinkawapeza ali ndi alendo amene malamulo sankawalola, ndipo ndinkayang'ana pa sikirini pokha. M'nyumba yoyamba ndinkalowera khomo lakumbuyo kuti ndisadutse pa ofesi. Kompyuta ya mu ofesi ndidaisiya kuti ikhale yomaliza. Ndidalemba malangizo pa pepala, n'kupatsa mayi wokolopa kuti akapereke kwa bwana. Ntchitoyi idandidyera sabata yonse ndi Loweruka lomwe.

Lolemba la sabata yachiwiri mayina adayamba kuoneka, koma mosakhazikika. M'mawa mndandanda unkakhala wathunthu, pofika teni koloko nyumba yachiwiri yonse inkazimiririka, ndipo madzulo inkabweranso. Ndidabwerera ku mabuku. Ndidapeza kuti m'chigawo chilichonse makompyuta amachita chisankho paokha, kusankha imodzi yosunga mndandanda wa chigawocho, ndipo kawirikawiri imene imapambana ndi ya pulogalamu yatsopano kuposa zinzake. Wosankhidwayo akazimitsidwa, mndandanda umasokonekera kufikira atasankhidwa wina ndi kuzolowera udindo. Ndidaseka ndekha, chifukwa ndidali nditaona chisankho chimodzi chokha chenicheni m'moyo wanga, ndipo makina awa ankachita chawo tsiku lililonse.

Ndidayamba kulemba nthawi imene nyumba yachiwiri inkasowa ndi imene inkabwerera. Lachitatu ndidampeza wolakwa. Idali kompyuta yonyamula m'manja ya Lindiwe, mtsikana wophunzira zamalamulo, yatsopano kuposa zonse m'nyumbamo. Inkapambana chisankho akaiyatsa, ndipo iye ankaipinda n'kupita nayo ku laibulale, mndandanda wa anzake onse uli m'chikwama.

"Ndiye mukuti ine ndine pulezidenti wa nyumba ino?" adafunsa akuseka nditamufotokozera. "Bwanji simunandiuze, Madala? Ndikanakweza misonkho."

"Ndabwera kudzakuchotsani pampando, mayi," ndidayankha. "Kompyuta yanu isapikisanenso."

Adandisiyira mpando. Ndikugwira ntchito, iye adaloza kapepala komata pachitseko chake, kolembedwa manambala asanu ndi imodzi.

"Koma mukuvutikiranji chonsecho? Ife tinasiya kalekale kudikira mndandanda wanuwo. Timangolemba nambala, foda n'kutseguka. Onani, iyi ndi ya ofesi, ndimasindikizira pomwepo. Ndikutsegulireni muone?"

Dzanja lake lidali kale pa mabatani. Ndidaika dzanja langa pamwamba pa sikirini.

"Ayi. Imeneyo ndi njira ya mbava, yolowera pawindo. Ine ndikukonza khomo. Nambala si dzina, mwana wanga, ndipo nyumba yolongosoka siyendera timapepala tomata pazitseko."

"Eee, Madala, inu ndiye mukanakhala jaji," adatero. "Anthu akanafera m'ndende mukukonza mipumiro m'chigamulo."

Ndidaseka naye. Tsiku limenelo, pa ola limenelo, ku Mauwa ankatsitsira Agnesi m'manda.

Lachinayi ndidaletsa makompyuta ena angapo kupikisana, ndipo m'nyumba iliyonse ndidasankha imodzi yosazimitsidwa kuti isunge mndandanda. Lachisanu masana, dzuwa likulowera pa kawindo ka chipinda changa, ndidatsegula mndandanda, ndipo mayina onse adali pamenepo, nyumba zitatu pa sikirini imodzi, motsatana bwino monga mwa alifabeti. Ndidadikira ola lathunthu, ndipo palibe limene lidasowa. Sindibisa: ndidakondwa kuposa tsiku lina lililonse la ku Durban. Ndidavala jekete kuti ndikaonekere kwa bwana. Ndisanatuluke, ndidati ndiyese komaliza, ndipo ndidasankha dzina la kompyuta ya mu ofesi, n'kutsegula foda ya Mauthenga.

Mudali mauthenga awiri a Venansio Makwinja, olembedwa mwaukhondo, ndi tsiku ndi ola, ndendende monga lamulo langa linkanenera. Woyamba udali wa Lachitatu la sabata yoyamba, tsiku limene ndidagogoda pa kompyuta yomweyo. Unkati mwana wanu Felisita waimba kuchokera kumishoni, amayi ake agonekedwa m'chipatala, akudwala kwambiri ndipo akukuitanani, bwerani msanga. Wachiwiri udali wa Lachiwiri la sabata yachiwiri. Unkati amayi amwalira dzulo, maliro mawa.

Ndawerengera masikuwo kambirimbiri. Ulendo wa pa basi ndi wa masiku atatu. Ndikadanyamuka Lachinayi, ndikadafika Loweruka kapena Lamulungu, ndipo Agnesi adamwalira Lolemba.

Ndidapita ku ofesi. Mlembi uja adagwira pakamwa nditamuuza dzina langa.

"Ndinu inuyo? Ine ndimadziwa kuti ndinu Madala! Ndinafunsa okolopa, palibe amene amadziwa dzina limenelo. Ndinafuna kulemba pa pepala ndimate pachipata, koma..." Adayang'ana pakhoma pamwamba pa telefoni. Nanenso ndidayang'ana pomwepo. Sindidampeze ndi mlandu, ndipo sindimpeza nawo lero.

Bwana Naidu adandigwira paphewa, nanena kuti ntchito indidikira. Adaonjeza kuti mndandanda ukuoneka bwino kwambiri. Pobwerera kuchipinda kwanga ndidawerenga mapazi, sindidziwa chifukwa chake. Kuchokera pa ofesi kufika pakhomo panga adali mapazi mazana awiri kudza khumi ndi awiri.

Ndidanyamuka Loweruka, kudzera ku Joni, Harare, Tete ndi Mwanza. Pachipata cha m'malire a dziko adandidinda chidindo chimene chidatseka njira yobwerera, ndipo sindidatsutse. Ndidafika ku Mauwa Lachiwiri, pa njinga ya hayala, patatha masiku asanu ndi limodzi chiikire maliro. Nyumba ndidaizindikira ndili patali ngakhale ndidali ndisanaionepo, chifukwa malata ake ankawala pakati pa nandolo. Idali yokongola kuposa momwe ndinkaiganizira.

Felisita adali pakhonde, mutu wometedwa. Sadathamange kudzandilandira chikwama. Adagwada monga mwa ulemu, nandipatsa moni ngati mlendo, kenaka tidalira. A Dominiko adabwera kuchokera kudimba, khasu lili paphewa.

"Mwafika, alamu? Pepani ndi ulendo. Mwapeza tatsiriza zonse, musavutike."

Madzulo a tsikulo abale a Agnesi adasonkhana pabwalo la nyumbayo, pamodzi ndi akhristu angapo a m'limana mwathu. Felisita ndiye adafunsa, ndipo adafunsa mondipatsa njira yothawira.

"Bambo, ndinayenda wapansi kawiri kupita kumishoni. Kachiwiriko ndinasiya mtembo wa amayi m'nyumba. Kapena uthenga sunafike?"

Ndikadangoti sudafike, nkhani ikadathera pomwepo. Aliyense akadadzudzula telefoni ndi azungu, ndipo bwenzi lero ndikugona pansi pa malata anga. Koma mawuwo sakadakhala oona, ndipo ine sindidaphunzire kunena chiganizo chimene ndikudziwa kuti n'cholakwika.

"Unafika, mwana wanga. Unafika tsiku lomwelo, onse awiri."

Ndidayamba kufotokoza za nyumba zitatu, za rauta, za kaundula ndi za chisankho cha makina. Ndidafotokoza mwadongosolo, ndipo ndinkaona nkhope zikuuma chiganizo ndi chiganizo. A Dominiko adandidula.

"Dikirani, alamu, ine sukulu ndinalekera folomu ya khasu. Uthengawo unali kutali bwanji ndi pamene munali inu?"

"Mapazi mazana awiri kudza khumi ndi awiri."

"Munali m'ndende?"

"Ayi."

"Munathyoka mwendo?"

"Ayi."

"Ndiye tiuzeni dzina lake mayiyo, tisataye nthawi. Ndife akuluakulu tonse pano."

Ena adaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Ndidamvetsa pamenepo kuti a Dominiko sankandinyoza kokha. Ankandipatsa tchimo limene anthu angalimvetse, ndipo mwina akadalikhululukira pakapita nthawi. Ndidalikana. Felisita adadzuka n'kulowa m'nyumba.

Pambuyo pake mayi wina wa m'limana, amene adadikirira Agnesi kuchipatala, adandiuza kuti Loweruka ndi Lamulungu wodwalayo ankatembenukira kukhomo aliyense akalowa. Lamulungu madzulo adati: "Musawadandaule, ali ndi kanthu kena akumalizitsa. Sasiya chinthu pakati amene aja." Mayiyo ankaganiza kuti akunditonthoza.

Mwambo wa kwathu ndi wodziwika. Mkazi akamwalira, abale ake amamsudzula mkamwini, ndiko kumuuza kuti ukwati watha ndipo ndi womasuka. Koma kawirikawiri, mwamuna akakhala wokalamba, wa ana ndi zidzukulu pamudzipo, ndiponso amene adadwazika mkazi wake, amamuuza kuti: "Mupita kuti, bambo? Khalani, muzilera ana." Ndaona amuna ambiri akuuzidwa mawu amenewo. Patatha mwezi adandisudzula ine, mwaulemu wonse, popanda mawu achipongwe, ndipo ndidadikira mawu aja. A Dominiko adayang'ana Felisita, pakuti nyumbayo tsopano idali yake. Felisita adayang'ana pansi. Palibe amene adawanena.

Sindinena kuti adandilanda nyumba. Amene amatero akulakwitsanso. Nyumba yomangidwa pa dothi la mkazi ndi ya mkazi ndi ana ake, ndipo ndidadziwa zimenezi ndisanagule lata loyamba. Chimene sindidadziwe n'chakuti malo a mkamwini pamudzi sagulidwa ndi malata. Amasungidwa ndi kuoneka: pa maliro a anthu ena, pa milandu, pokolola, pa bedi la chipatala. Ine ndidawerenga m'buku kuti kompyuta yoleka kulengeza dzina lake imafufutidwa pa mndandanda, ndidalemba mzere wofiira kunsi kwa mawuwo, koma sindidaganize za Mauwa. Kwathu uthenga wa matenda sauika pamalo kuti mwini wake adzaupeze. Amatuma munthu, ndipo munthuyo sachoka pakhomo kufikira atamuona mwini uthenga m'maso. Ndidakulira m'dongosolo limenelo, ndipo ndidakalisintha ndi foda chifukwa timapepala tinkandinyansa.

Tsopano ndimakhala ku Likoswe, kumudzi kwa malemu amayi anga, kumene ndidachoka zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Adzukulu a mlongo wanga adandipatsa kanyumba kofolera udzu, ndipo kamadontha pakona imodzi. Ndimakonza mawailesi, ndimalemberanso anthu makalata, ngakhale olembetsa akuchepa chifukwa mafoni a m'manja ayamba kufika. Felisita amanditumizira ufa pokolola, kudzera mwa anthu. Iye mwini adabwera kamodzi. Tidakambirana za mvula. Ponyamuka adaima pakhomo, nandifunsa osandiyang'ana.

"Zinthu zanu zija zinatheka koma?"

"Zinatheka," ndidatero.

"Chabwino," adatero, napita.

Lindiwe adandilembera kalata imodzi chaka chotsatira, yachisoni ndi yaulemu. Kumapeto kwake adatchula kuti akatswiri a ku likulu adabweranso, nasintha dongosolo lonse, ndipo kompyuta yanga ya kaundula idabwezedwa kusitolo. Mndandanda wanga udagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri.

Popeza pantchito ndidazolowera kutseka lipoti lililonse ndi zimene ntchitoyo yadya, nditseka chimodzimodzi.

Kompyuta yakale imodzi, ya m'sitolo: sidagulidwe.

Waya watsopano: sadafunike.

Kabuku kolembamo kamodzi ndi cholembera chofiira chimodzi.

Masiku ogwira ntchito: khumi ndi awiri.

Zaka zimene ndidalonjeza: ziwiri. Zimene ndidakhala: zinayi.

Maulendo a Felisita opita kumishoni wapansi: awiri.

Masiku amene uthenga woyamba udakhala m'foda: asanu ndi anayi.

Masiku amene ndikadakhala pambali pa Agnesi: limodzi, mwina awiri.

Nyumba ya malata imodzi, imene ndidagonamo mwezi umodzi.

Mwana mmodzi, wamoyo.

Mapazi osayendedwa: mazana awiri kudza khumi ndi awiri.

Nambala ya kompyuta ya mu ofesi, imene sindidailembe kuti nditsegule foda: 10.1.0.5. Ndayesa ndi wotchi, pa pepala. Imatenga masekondi anayi.